Musandiyamikire kwa Kapitawo

Pakampani imene inalemba Nsanamira ntchito, mlonda sankaopa mbava kwenikweni. Mbava imabwera mwa apo ndi apo, ndipo ikakupulumuka umangonena kuti inali ndi chikwanje. Chimene mlonda aliyense wanzeru ankachiopa ndicho kuyamikiridwa.

Kampaniyo inali ndi chikhulupiriro chake, chimene kapitawo wa alonda ankachilakatula ngati vesi: mlonda akazolowerana ndi anthu a pamalo, ndiye kuti geti latseguka kale. Choncho kapitawo akangomva kuti nesi wakuti amakuseketsa, kapena dokotala wakubwereka ambulera mvula ikugwa, unkapezeka ukulondera zitsulo zakutha kuseri kwa tauni, kumene wocheza naye ndi buluzi. Zinamuonekera mnzawo wina wa pageti la magalimoto. Analakwa kuthandiza mkulu wa chipatala kusintha tayala, mkuluyo n'kumutamanda pamaso pa kapitawo. Sabata isanathe munthu anali atapita. Alonda otsala anatolapo phunziro lakuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Nsanamira ankaima pachitseko cha wodi ya ana. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa anali wamtali, wouma thupi, ndipo akaima ankaimadi. Nanga akanatani? Mpando panalibe. Atapempha kuchipatala anamuuza kuti iye si wa chipatala, akapemphe kukampani kwake. Kukampani anati mipando ndi nkhani ya eni malo, komanso mlonda wokhala pansi ndi mlonda wogona. Chimbudzi cha ogwira ntchito chinali chokiya, ndipo kiyi wake ankapachikidwa pamsomali kuseri kwa tebulo la anesi, pomwe iye ankamuona bwinobwino pagalasi koma osaloledwa kumukhudza. Ankathamangira cha odwala kumapeto kwa khonde, mtima uli m'mwamba, pakuti kapitawo akapeza chitseko chili chokha sankafunsa za m'mimba mwa munthu. Jombo anamupatsa zothina, amvekere zitanuka zokha. Zimene zinagonja ndi zala zake. Womulandira ntchito madzulo ankafika nthawi imene mtima wake wakonda. Mabwana anali awiri, koma pakavuta aliyense ankaloza mnzake, ndipo mapanga awiri anamuvumbwitsadi.

Zonsezi ankazidandaula tsiku ndi tsiku, kwa mkazi wake, kwa anzake, ngakhale kwa khoma. Koma zoona zake n'zakuti chitseko chimenechi ankachikonda. Anali atalonderako kumochale, kumene aliyense wobwera amabwera akulira ndipo sakuona n'komwe. Anali ataimako pageti la magalimoto, kumene munthu wa galimoto amakulankhula ndi hutala. Pano pokha ndi pamene anthu ankamupatsa moni n'kudikira yankho.

Odutsa ambiri pachitsekopo anali amayi odwazika ana. Aliyense ankapatsidwa kakhadi ka pulasitiki kosonyeza kuti ndiye wogona muwodi, ndipo lamulo linkati nthawi yoona odwala ikatha, wopanda kakhadi asalowe, komanso mtolo uliwonse usechedwe kuti mabulangete a chipatala asamere miyendo. Koma mayi amene wasenza beseni la zochapa, dzanja lina fulasiki, angatulutse khadi ndi mano? Nsanamira ankawadziwa nkhope. Ankangokankha chitseko ndi phazi, n'kufunsa ngati kutentha thupi kwa mwana kwatsika. Bambo akabwera ataledzera n'kumalalata, iye ankamukokera pambali n'kumufunsa dzina la mwana wake, mpaka bamboyo ukali n'kumuthera. Ana amene ayamba kupeza bwino ankabwera kudzakanikiza mphuno pagalasi, iye n'kumawachitira sawatcha ngati ndi akuluakulu a asilikali. Madzulo akamavula jombo, zala zikuwotcha, ankadziwa kuti tsikulo wagwira ntchito yooneka.

Zonsezi zinkachitika mobisa. Pageti lalikulu panali mlonda mnzake wamkazi, amene ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Njinga yamoto ya kapitawo ikangotulukira, Wailesi ankaliza wezulo yake ngati akuimitsa galimoto, ndipo mlonda aliyense m'chipatalamo ankavala nkhope ya ntchito. Nsanamira ankakwinya chipumi, kuyang'ana kutsogolo, moni wa munthu osauyankha. Kapitawo ankabwera, kumuzungulira, kumuuza kuti lamba wapendama, n'kumapita wokhutira. Umo ndi mmene anakhalitsira pachitsekopo.

Chinaononga zinthu ndi kamtsikana ka zaka zitatu. Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala itatha, anthu ankatuluka mothinana, ndipo pakati pa miyendo yawo panadutsa kamwana katagwira nsalu ya mayi wina. Aliyense ankayesa kuti ndi ka mayiyo, ndipo mayiyo sankadziwa kuti wagwiridwa. Nsanamira anangoona pulasitala pakadzanja, pamene amalowetsera diripi. Anasiya chitseko, chinthu chimene sankachita, n'kuthamanga ndi jombo zake zothinazo kudutsa khonde lonse. Anakagwira kali pamsewu wa ambulansi, kakulunjika kugeti. Pobwerera anakumana ndi mayi a kamwanako akuthamanga opanda nsapato, sopo ali m'manja, chifukwa anali kumpopi kochapira.

Mayiyo anagwada pasimenti pomwepo. Kuyambira tsikulo anesi anakatcha kamwanako Kaliwiro, ndipo mayi ake anayamba kumutchula Nsanamira kuti malume ake a mwana. Ankati akamadutsa n'kukanyamula kuti kawapatse amalume moni. Nsanamira zinkamukoma, n'kunama kukana, koma mantha anali atamugwira kale, chifukwa nkhaniyo inali itafika kwa a Sisitala, nesi wamkulu wa wodiyo.

A Sisitala anali mayi wabwino, ndipo ubwino wawo unali wosamva za munthu. Anatuluka okha kudzamugwira chanza ndi manja awiri. Anati pazaka zonse zimene agwira muwodimo sanaonepo mlonda wa maso ngati amenewa, ndipo kapitawo akangobwera adzamuuza zonse, anthu akumva.

"Chonde a Sisitala, musatero," anatero Nsanamira. "Mukandiyamikira kwa akapitawo, andichotsa pano."

A Sisitala anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati kudzichepetsa n'kwabwino koma kukapyola kumasanduka bodza. Nsanamira anafotokoza za mnzawo wa tayala uja, anafotokoza za zitsulo zakutha ndi abuluzi. A Sisitala anapukusa mutu, nati kulibe kampani yopusa chotero padziko lapansi, ndipo ngati ilipo ndiye kuti sinakumanepo ndi iwo.

"Inu mungoima pachitseko panupo, bambo. Zolankhula mundisiyire ine."

Anabwerera muwodi akumwetulira, ngati munthu amene wakonzera mnzake mphatso. Nsanamira anatsala akukukuta mano. Munthu wakuda naye umadziwa pomuzembera, koma wokufunira zabwino umuthawira kuti?

Kunyumba nako sikunamuthandize. Mkazi wake anali atamva kale nkhaniyo kwa mayi wina wokolopa kuchipatalako, ndipo anali ataifalitsa mzere wonse wa nyumba, kamwanako katasanduka mapasa ndipo ambulansi ikubwera pa liwiro. Anamulandira ndi madzi otentha oviikamo mapazi, n'kumanena kuti tsopano akwezedwa, mwina apatsidwa njinga yamoto. Nsanamira anati kukwezedwa kwa kukampani kwawo n'kukwezedwa pa lole kupita kuzitsulo. Mkaziyo anati vuto la abambo a m'nyumba muno ndi lomweli, mwayi ukagogoda amazimitsa nyale n'kunamizira kugona. Anakangana mpaka madzi a m'beseni anazizira, ndipo aliyense anagona akudziona kuti ndiye wanzeru.

Amene anamvetsa ndi Wailesi yekha. M'mawa mwake, akusainira ntchito pageti, Wailesi anamuyang'ana ngati munthu amene dokotala wamupeza ndi nthenda yoopsa.

"Achimwene, mwaziputa. Mwana mukanangomuloza kwa ine, ine n'kumugwira pageti pano ngati wasochera, nkhani n'kutha. Pano mankhwala ake ndi amodzi: pezani wokudandaulani. Kapitawo akamva chiyamikiro chokha, mwapita. Akamva ndi dandaulo lomwe, zifafanizana."

Nsanamira anayesa. Tsiku limenelo sanayankhe moni wa munthu aliyense. Amayi a muwodi ananong'onezana kuti amalume sakupeza bwino, ndipo pofika masana pawindo panali makapu a tiyi oti akanatsegula nawo kantini. Tsiku lotsatira anafika chipewa chili chopendama, malaya osapisira. Nesi wina anamukonzera kolala akudutsa, n'kumuuza kuti asamadzipanikize. Anakalipira bambo wina amene ankasuta fodya pafupi ndi zenera, akuyembekeza kuti akamunenera, koma bamboyo anazimitsa fodya n'kupepesa, ndipo a Sisitala, amene anamva zonse, anati nachonso achiwonjezera pa zokamuuza kapitawo. Chilichonse chimene ankaponya kuti chimudetse chinkabwerera chitachapidwa. Anafika pomakwiyira aliyense womumwetulira.

Kapitawo anabwera masana ena, nthawi yoona odwala itangotha. Wezulo ya Wailesi inalira motalika kuposa masiku onse, ngati akutsanzika. Nsanamira anatseka chitseko, anakwinya chipumi, anaima njo. Kapitawo anatulukira pakona ya khonde, chisoti cha njinga chili m'khwapa, mimba ili patsogolo. Anayamba mwambo wake wozungulira munthu. Ndipo pagalasi Nsanamira anaona a Sisitala akudzuka patebulo, akukonza malaya, nkhope ili ngwee, akuyamba ulendo wautali wa pakati pa mabedi kubwera kuchitseko.

Nthawi yomweyo mayi ake a Kaliwiro anafika kuchokera kumpopi, beseni la zochapa lili pamutu. Anaima pamene ankaima masiku onse, kudikira kuti phazi la amalume likankhe chitseko. Mkati, kamwana kanali katakanikiza kale mphuno pagalasi.

Nsanamira sanaganize nthawi yaitali. M'maganizo anaona zitsulo zakutha, anaona a Sisitala atatsala mabedi ochepa, ndipo anamva pakamwa pake pakutseguka.

"Khadi."

Mayiyo anaseka, poyesa nthabwala. Anati khadi lili pansi pa pilo, monga mwa masiku onse, malume.

"Ndani malume wanu? Muli ndi m'bale pano inu? Tsitsani beseni."

Mawuwo anamveka khonde lonse. Mayiyo anatsitsa beseni pang'onopang'ono, maso ali pa iye, akudikirabe kuti mwina aseka. Nsanamira anawerama n'kuyamba kufufuza. Akanatha kungopisa dzanja n'kusiya, koma kapitawo anali ataima pambali pake penipeni, ndipo manja ake anapitirira pamene iye ankafuna kulekezera. Anatulutsa zovala chimodzichimodzi n'kumaziponya pasimenti pamene anthu anali atangopondapo ndi matope: timadiresi, kathawulo, nsalu yofunda mwana, ndi zovala zamkati za mayiyo, zimene anali atazikulunga pansi penipeni kuti zisaoneke. Ananena mokweza kuti mabulangete a chipatala akutha chifukwa cha anthu ngati amenewa. Anthu amene ankadutsa anaima. Mayiyo anagwada n'kuyamba kutola, kuyambira zamkatizo, n'kuzibisa m'chilolo cha chitenje chake. Kuseri kwa galasi Kaliwiro anayamba kulira.

Chitseko chinatseguka chamkati. A Sisitala anali ataona zonse, ndipo kumwetulira kuja kunalibenso. Anamudutsa Nsanamira osamuyang'ana, anathandiza mayiyo kutola zotsala, anamulowetsa, kenaka anatembenukira kwa kapitawo. Mawu awo anali otsika. Anati anatuluka kuti anene zina, koma zimenezo zatha ntchito. Anati muwodi mwawo muli amayi amene sanagone tulo tabwino kwa masabata, ndipo safuna pachitseko pawo munthu wochititsa manyazi mayi pamaso pa mwana wake. Anapempha kuti amuchotse.

Kapitawo anavula nkhope yake ya ukali n'kuvala ya ulemu. Anapepesa m'dzina la kampani, anati nkhaniyi aitengera kuofesi ndipo iunikidwa bwino lomwe. A Sisitala atalowa, kapitawo anamukodola Nsanamira kuti amuperekeze pang'ono. Atakhota pakona, anamumenya paphewa mwachikondi, koyamba chiyambire kudziwana.

"Ndinayamba kumva mphekesera zoti mwafewa, mdala. Ndinabwera ndi maganizo ena lero. Koma ndaona ndi maso anga. Mlonda amene anesi akumuda ndiye mlonda. Chitseko chimenechi ndi chanu, palibe akuchotsenipo."

Anamulonjezanso jombo zina, zimene onse awiri ankadziwa kuti sizibwera. Njinga italira n'kutuluka, Wailesi anathamanga kuchoka pageti kudzamva. Atamva kuti watsala, anaomba m'manja n'kunena kuti achimwene ndi dolo. Nsanamira anamuuza kuti abwerere pageti pake asanamutukwane. Wailesi anapita akung'ung'udza kuti anthu ena ukawapulumutsa amakuluma.

Anabwerera pachitseko, ndipo anali wokwiya. Anakwiyira kampani ndi vesi lake lopusa. Anakwiyira a Sisitala, amene akanangomva pamene ankawachonderera zonsezi sizikanachitika. Anakwiyira Wailesi ndi mankhwala ake, mkazi wake ndi njinga yake yamoto, ngakhale mayi uja chifukwa chosiya khadi pansi pa pilo. Anazungulira nawo mkwiyowo masana onse, kufunafuna woti amusenzetse, koma unkangobwerera kwa mwini wake. Pasimenti panali patatsala chonyowa pamene panagwera zovala, ndipo anachiyang'ana mpaka chinauma.

Anaganiza kuti m'mawa akonza. Adzawafotokozera a Sisitala kuti chinali chiwonetsero chabe, adzapepesa kwa mayi uja, ndipo zinthu zidzabwerera mwakale. Anafika molawirira, atakonza mawu ake njira yonse.

A Sisitala anamumvetsera mpaka kumapeto, ataima pakhomo, mafayilo ali pachifuwa. Tsopano anakhulupirira kuti kampani yopusa chotero ilipodi, pakuti munthu amene anapempha kuti achotsedwe anali ataima pamaso pawo. Koma sizinawafewetse.

"Ndamva, bambo. Ndiye kuti munafuna wolipira malo anuwa, n'kusankha mayi amene sakanakubwezerani. Mukanandikalipira ine."

Analowa. Nsanamira anafuna kuyankha kuti kukalipira nesi wamkulu n'kuchotsedwa ntchito kumene, koma anazindikira kuti a Sisitala anali atanena zomwezo.

Nkhani muwodi imayenda msanga kuposa mankhwala. M'mawa umenewo amayi ankafika pachitseko makhadi ali m'manja, ena atawaluma ndi mano chifukwa manja anali odzaza. Sankapereka moni. Amene anabwera usiku wapitawo, osamudziwa n'komwe, anali atauzidwa kale kuti mlonda wamtaliyo ndi woopsa. Mwana wina atayandikira galasi, dzanja la mayi ake linamukoka. Nsanamira anayesa kufunsa mayi wina ngati mwana wake wagona bwino, ndipo mayiyo anakweza khadi m'mwamba pang'ono, poyesa kuti sanalione.

Mayi ake a Kaliwiro anatulukira dzuwa litakwera, akuchokera kumpopi ndi zovala zomwe zija, atazichapanso. Nsanamira anakankha chitseko ndi phazi iwo akadali patali, anavula chipewa, n'kuyamba kunena mawu amene anakonza aja. Anati mayi, dzulo lija sikunali kufuna kwake, ndipo ngati angamupatse mpata afotokoze.

Mayiyo sanalowe. Anatsitsa beseni n'kuliika pafupi ndi jombo zake, anatulutsa khadi m'chilolo, n'kulitambasula ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Sechani, abwana. Mwana akundidikira."

Nsanamira anati palibe chifukwa, alowe basi. Mayiyo anangoima chomwecho, khadi lili m'manja, ndipo kumbuyo kwake amayi ena anayamba kupanga mzere, aliyense akutsitsa mtolo wake pansi. Chitseko chinali chotsegula, phazi lake likuchigwira, koma panalibe amene ankasuntha. Pomaliza Nsanamira anavala chipewa chake, anawerama, n'kuyamba kusecha.